Anzake Anayi a Kamzime

MUTU 6

1. Lachinayi m'mawa

Dzina loti Changu anamupatsa ndi amayi ake, ndipo sanamupatse pomuyamikira. Mtsikanayu ankachita zonse mothamanga. Kusesa kothamanga, kudya kothamanga, ngakhale pemphero ankafika pa Ameni anzake asanatsinzine. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo kwa miyezi inayi ankathandiza pa sukulu ya mkaka ya patchalitchi. Ntchito yake inali kupukuta mamina, kumanga zingwe za nsapato ndi kuperekeza ana kuchimbudzi.

Lachinayi limeneli linali tsiku lake. Ahedi a pasukulupo anali ndi malo amodzi okha otumiza mtsikana kukaphunzira uphunzitsi wa ana aang'ono. Atsikana othandiza analipo atatu. Awiri anali ataphunzitsa kale Ahedi akuonerera, ndipo wotsala anali Changu. Akalephera, amayi ake anali atanena kale kuti apita kwa amalume ake kukalera ana, ndipo za sukulu zithera pomwepo.

Sabata yonse anakonzekera. Anadula timikeka makumi awiri pa makatoni akale, n'kuboola kalikonse m'makona anayi. Anadulanso tianthu ta pepala makumi awiri. Nkhope za tianthuto anajambula ndi mng'ono wake, Kamzime, ndipo tonse tinali tikuseka.

Kamzime anali ndi zaka zisanu. Miyendo yake sinagwirepo ntchito chibadwire, koma pakamwa ndiye panali ngati wailesi. Ana onse a m'kalasi mwa Changu ankawadziwa mayina ndi makhalidwe awo kudzera m'nkhani za mchemwali wakeyo, ngakhale anali asanaonepo ndi mmodzi yemwe.

Tsoka sasimba. M'mawa umenewo amayi oyandikana nawo nyumba, amene ankatsala ndi Kamzime, ananyamuka kupita kumaliro. Amayi ake a Changu anaima pakhomo atavala kale yunifolomu ya ku hotela kumene ankachapa zovala.

"Lero sukupita kulikonse," anatero. "Ine kuntchito sindingajombe. Ukhala ndi mng'ono wako."

"Amayi, lero ndi tsiku lija!"

"Ndikudziwa."

"Ndiye ndipita naye."

Amayi anatula chikwama pansi n'kutseka chitseko.

"Tamvera, mwana iwe. Za pamene tinkakhala nyumba ija ya kuseri kwa msika, mwina waiwala. Ine sindinaiwale. Mwanayu ndinamutulutsa tsiku limodzi lokha kuti awothere dzuwa pakhonde. Ana a m'nyumba zina anabwera n'kuyamba kukwawa pansi momutsanzira, akuseka. Amayi awo ali chiimire potero, osawaletsa. Wina anafika pondifunsa kuti ndinalakwira ndani. Bambo ako anazimva zimenezo, ndipo mwezi sunathe asananyamule chikwama chawo. Anthu amakumwetulira pamaso, ukatembenuka amakuloza ndi milomo. M'nyumba muno mwanayu salira. Panja ndi pamene adzalire. Usamutulutse. Wandimva?"

"Ndamva, amayi."

Anamvadi. Koma amayi atangokhota pakona, Changu anayang'ana koloko, n'kuyang'ana thumba la timikeka, n'kuyang'ana mng'ono wake. Anagwira njakata.

"Achemwali, munditsekera ndekha?" anafunsa Kamzime.

Changu anatenga nsalu, n'kumubereka, n'kumufunditsa mpaka kumutu.

2. Chipinda cha katundu

Anafika anthu asanabwere. Alonda, bambo wachikulire wa ndevu zoyera, anali kuseri akuthirira maluwa. Changu analowa pageti ngati mbala.

Moyandikana ndi kalasi munali kachipinda kosungiramo katundu. Munali mipando yothyoka, makatoni a mabuku, mipira yophulika ndi kawindo kamodzi m'mwamba. Changu anayala mkeka wakale kuseri kwa makatoni, n'kumukhazika Kamzime. Anamusiyira botolo la madzi ndi buledi.

"Usaimbe. Usatsokomole. Wina akalowa, ukhale zii."

"Ndingowaonako pang'ono anzanga?"

"Si anzako. Sakukudziwa n'komwe."

Mawuwo anatuluka mothamanga, monga zonse za Changu. Kamzime anangoyang'ana pansi. Changu anamva chisoni, koma nthawi inali itatha. Anakoka chitseko n'kutuluka.

Pakhonde anakumana ndi Ahedi. Anali mayi wamfupi, wa magalasi olendewera pa kachingwe, ndipo ankayenda pang'onopang'ono ngati munthu wosenza mazira. M'manja anali ndi pepala ndi cholembera.

"Usanalowe, mvera izi," anatero. "Anzako awiri aja ndinawauzanso zomwezi. Malamulo anga ndi awiri basi. Loyamba, mwana aliyense amene ali mkati mwa mpanda uno ndizimudziwa ine, dzina lake ndi la kholo lake. Lachiwiri, ana osawasiya okha, ngakhale kamphindi. Ana si mbale zoti uziike pashelefu n'kukazipeza pomwepo. Ine ndinaonapo mwana atameza batani mphunzitsi atangotembenuka kuti afufute bolodi. Ndiye pali china chimene si lamulo, koma uchisunge. Usamale zimene ukuwauza. Munthu wamkulu akamva nkhani ya Mulungu amati Ameni n'kubwerera kwawo kukagona. Mwana akamva nkhani amakaichita."

"Ndamva, Ahedi."

Kameneka kanali kachiwiri tsiku limenelo kunena kuti wamva. Lamulo loyamba anali ataliswa kale, ndipo umboni wake unali kuseri kwa khoma, ukudya buledi.

3. Timikeka ta katoni

Ana makumi awiri anakhala pansi mozungulira. Ahedi anakhala kumbuyo pa kampando ka ana, mawondo ali m'mwamba.

"Kalekale kunali munthu amene sankayenda," anayamba Changu. "Tsiku lina anamva kuti Yesu wabwera ndipo ali m'nyumba ina. Koma apita bwanji? Ndiye anzake anayi anabwera. Wina anagwira mkeka uku, wina uku, wina uku, wina uku. Nyamu!"

"Nyamu!" anakuwa ana onse.

"Atafika anapeza anthu atadzaza mpaka pakhomo. Polowera panalibe. Kodi anabwerera?"

"Ayiii!"

"Anakwera naye padenga, n'kusasula, n'kumutsitsa ndi zingwe mpaka pamaso pa Yesu."

Dzanja linakwera. Linali la kamtsikana ka mipata m'mano kamene aliyense ankakatcha Mafunso, ndipo dzinalo linali lomuyenera.

"Anti, eni nyumba sanakwiye ndi denga lawo?"

Ahedi anabisa pakamwa ndi pepala.

"Mwina anakwiya pang'ono," anatero Changu. "Koma munthu uja anathandizidwa."

"Nanga akanapanda anzake?"

"Akanangogona m'nyumba. Yekha."

"Tsiku lonse?"

"Tsiku lonse."

Changu anaponya maso kukhoma la chipinda cha katundu. Anatsokomola, n'kuyamba kugawa timikeka mofulumira. Mwana aliyense anamata kamunthu kake ndi guluu, kenako anayamba kulowetsa ulusi m'mabowo anayi aja. Akamaliza, ana anayi ankagwira ulusi umodzi umodzi n'kunyamula kamkekako mpaka patebulo. Mmodzi akasiya, kamunthu kankapendekera pansi, ndipo onse ankakuwa.

"Mwaona?" anatero Changu. "Mutu umodzi susenza denga."

Ahedi analemba kanthu papepala. Zinthu zinkayenda bwino, ndipo mtima wa Changu unayamba kutsika. Ndi pomwe mapasa awiri a m'kalasimo anakanganirana ulusi, n'kuupiringiza wonse mpaka kukhala chisa cha mbalame.

"Ulusi wina uli m'chipinda cha katundu, pashelefu yam'munsi," anatero Ahedi. "Mafunso, thamanga ukatenge."

"Ndipita ndine!" Changu anadzuka ngati walumidwa.

"Iwe usasiye ana."

Mafunso anapita. Anachedwa. Changu ankamata tianthu mozondotsa, maso ali pakhomo. Kenako mwana uja anabwera ndi ulusi, n'kuupereka, n'kukhala pansi. Anamuyang'ana Changu nthawi yaitali. Kwa nthawi yoyamba chiyambireni chaka, Mafunso sanafunse kanthu.

4. Mkeka palibe

Belu lopumira linalira. Ahedi anapita ku ofesi kukamaliza zolemba zawo, ndipo Changu anatulutsa ana pabwalo. Asanakhale n'komwe, kamnyamata kena kanatikita m'maso ndi dzanja la guluu n'kuyamba kulira ngati kakuphedwa. Mpopi unali kuseri kwa khitchini. Changu anakanyamula n'kuthamanga nako. Lamulo lachiwiri linasweka pamenepo.

Kutsuka m'maso mwa mwana wophupha si ntchito ya kamphindi. Pobwerera, Changu anadzera kuchipinda cha katundu kuti asuzumire. Chitseko chinali pululu. Botolo la madzi linali litagubuduka. Mkeka panalibe. Kamzime panalibe.

"Kamzime!" anaitana monong'ona.

Anasuntha makatoni. Anayang'ana pansi pa mipando yothyoka, ngati munthu angakwane pamenepo. Anathamangira m'kalasi, kuchimbudzi, kukhitchini. Zii.

Pabwalo anawerenga ana. Khumi ndi asanu ndi mmodzi. Anawerenganso. Khumi ndi asanu ndi mmodzi. Mafunso panalibe, mapasa panalibe, ndi kamnyamata konenepa kotchedwa Chigubu panalibe.

Apa ndi pomwe anaona geti. Linali lotsegula mbali imodzi, chifukwa amisiri okonza tchalitchi ankalowetsa mchenga. Kunja kwa getilo kunali msewu wa malole.

Anathamangira kumsewu. Anayang'ana kumanja, kumanzere. Lole inadutsa ikulira hutala, fumbi lili kobo.

"Ukusaka chiyani, mwanawe?" anafunsa alonda.

"Palibe, agogo."

Bodza limeneli ndi limene ine wolemba limandikwiyitsa kuposa zonse zimene Changu anachita tsikulo. Ana asanu asowa, pali munthu wamkulu wofuna kuthandiza, iye n'kumati palibe! Koma mantha ndi choncho. Amamuuza munthu kuti akhoza kuzimitsa yekha moto wa nyumba ndi kapu ya madzi.

Anazungulira mpanda wonse akuthamanga. Anasuzumira m'dzenje limene amisiri ankasungiramo madzi, ndipo ataona chinthu chakuda chikuyandama anakuwa. Linali thumba la simenti. Anagwada pomwepo, thukuta lili kamukamu, mpweya ukumuthera. Madzi anali atafika m'khosi.

Anadzuka n'kupita ku ofesi. Pawindo anaona Ahedi akulemba papepala lija, akumwetulira okha. Changu anadziwa kuti akagogoda, kumwetulirako kutha, malo aja apita, ndipo iye akwera basi ya kwa amalume. Anaima ndi dzanja lili m'mwamba. Kumsewu lole ina inaliza hutala.

Sanagogode. Anakankha chitseko.

"Ahedi, ndataya ana asanu."

Ahedi anavula magalasi. "Asanu?"

"Anayi ndi a m'kalasi. Ndinawasiya okha. Wachisanu ndi mng'ono wanga. Sayenda. Ndinamubisa m'chipinda cha katundu kuyambira m'mawa. Chonde ndithandizeni, Ahedi. Malowo apatseni ena, koma ndithandizeni."

Ahedi sanakalipe. Anatuluka n'kukuwa ndi liwu limene Changu anali asanalimvepo. "Alonda, tsekani geti, muime pomwepo! Amayi a kukhitchini, khalani ndi ana awa!"

Kenako anapita pakhomo la chipinda cha katundu, n'kuwerama.

"Iwe umathamanga kwambiri, n'chifukwa chake suona pansi. Taona apa."

M'fumbi munali mzere wotambalala, wa chinthu chokokedwa. M'mbali mwake munali timapazi.

5. Pa masitepe

Mzerewo unadutsa kuseri kwa kalasi, n'kuzungulira mulu wa mchenga, n'kukhotera kumbali ya tchalitchi kumene sikupita anthu masiku a m'kati mwa sabata. Asanakhote anamva mawu.

"Kokani uku! Iwe, wasiya kona yako!"

Linali liwu la Kamzime.

Anawapeza pansi pa masitepe a khomo la kumbali. Kamzime anali pamkeka, fumbi lili mbuu mpaka m'tsitsi, chigongono chitasupuka, akulamula ngati kapitao. Mapasa anali atagwira makona awiri, Mafunso yachitatu. Pakhoma panali makwerero a amisiri, ndipo Chigubu anali pa sitepe yachinayi ya makwererowo, chingwe chodumphira chili pakhosi.

"Chigubu, usagwedezeke," anatero Ahedi mofatsa. Anayenda bwinobwino, n'kumugwira m'chiuno, n'kumutsitsa.

"Ndimafuna ndikasasule denga," anadandaula Chigubu.

Changu anagwada n'kumukumbatira mng'ono wake. Analira mokweza, osasamala kuti ana akumuona. Anamupapasa miyendo, mutu, msana.

"Mukundifinya, achemwali."

"Anti, tikupita naye kwa Yesu," anatero Mafunso. "Tilipo anayi. Koma ndi wolemera kuposa wa pepala uja."

"Masitepe akukana," anawonjezera mmodzi wa mapasa.

Mafunso anayandikira. Funso limene analisunga kuyambira m'kalasi linali litapsa.

"Anti, munati munthu uja akanapanda anzake akanangogona m'nyumba yekha tsiku lonse. Nanga uyu munamutsekera bwanji?"

Mafunso onse a mwanayu Changu ankawayankha, ngakhale lija loti nyerere zimagona kuti. Ili linamukanika.

"Munanama, achemwali," anatero Kamzime, osati mokwiya, koma ngati munthu wokonza cholakwika. "Munati si anzanga. Ine ndinangowatchula mayina, iwo n'kubwera."

Ahedi anakhala pa sitepe. Anatulutsa kansalu n'kuyamba kupukuta chigongono cha Kamzime.

"Ana inu, mwachita bwino kufuna kuthandiza mnzanu," anatero. "Koma mukafuna kunyamula chinthu cholemera, muziitana munthu wamkulu. Kuitana wamkulu nakonso ndi kuthandiza. Ndipo denga mulisiye. Anthu aja anakwera padenga chifukwa pakhomo panadzaza. Kuno khomo ndi lotsegula."

Kenako anatembenukira kwa Changu.

"Iwe, malamulo anga onse awiri waswa. Sindikubisira. Mwana uyu akanagwa pamakwerero, kapena akanatulukira pageti, lero bwenzi tikulankhula zina. Ndinakuuza kuti mwana akamva nkhani amakaichita. Taona, nkhani yako yomwe yakuulula. Unaima kutsogolo n'kuphunzitsa zonyamula mnzako, mng'ono wako utamuika pakati pa mipando yothyoka. Ukanabwera kwa ine m'mawa uli naye kumsana, ukuganiza kuti ndikanakubweza? Ndakhala zaka makumi awiri ndikupukuta mamina a ana a eni. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Koma iwe unandiweruza usanandifunse, ndipo unawaweruza ana awa usanawayese. Chabwino chimodzi chokha ndakuonera. Unakankha chitseko changa ukudziwa chimene utaye."

Anapinda pepala lija kanayi n'kuliika m'thumba.

"Za malo aja sindinena lero. Ndikufuna ndionane kaye ndi amayi ako. Tsopano ndiuze, mwanayu ukupita naye kuti?"

Changu anayang'ana kugeti. Akanatha kumubereka, kumufunditsa nsalu ndi kufika kunyumba amayi asanaweruke. Palibe akanadziwa. Mawu a m'mawa aja anali akadali m'makutu mwake: panja ndi pamene adzalire.

Anamuyang'ana Kamzime. Mwanayo anali panja, ali mbuu, atasupuka, ndipo sankalira.

"Kukalasi, Ahedi."

Anawerama kuti amubereke, koma Mafunso anagwira mkeka mwamphamvu. "Ayi, Anti. Ndi wathu."

Choncho anamunyamula pamkeka pomwepo. Changu anagwira kumutu, Ahedi kumiyendo, ndipo ana anayi aja aliyense anagwira kona yake, akukhulupirira ndi mtima wonse kuti akunyamula ndi iwo. Anadutsa pakati pa bwalo, dzuwa likuswa mtengo. Ana ena khumi ndi asanu ndi mmodzi anathamangira kudzaona.

"Nyamu!" anakuwa Kamzime.

"Nyamu!" anayankha onse.

6. Pageti

Nthawi yoweruka itakwana, makolo anadzaza pageti. Ana anakhala pakhonde, aliyense ali ndi kamkeka kake ka katoni kolendewera pa ulusi. Kamzime anali pakati pawo, pa kampando kamene alonda anakamangirira pilo. Ankaimba kuposa onse, ngakhale nyimboyo anali ataiphunzira tsiku lomwelo.

Makolo ena anamuyang'ana. Mayi wina anakodola mnzake ndi chigongono. Changu anaziona. Koma sanaime kutsogolo kwa mng'ono wake kuti amutchinge. Anakhala pambali pake.

Kenako anaona yunifolomu ya ku hotela.

Amayi anali atathamangira kunyumba nthawi ya nkhomaliro n'kupeza loko pachitseko. Tsopano anali ataima kumbuyo kwa makolo ena, nsapato zili m'manja, chifuwa chikukwera ndi kutsika. Maso awo anapeza Changu kaye. Kenako anatsikira pa kampando ka pilo.

Kamzime anawaona. Anakweza kamkeka kake m'mwamba n'kukuwa ndi liwu lonse la wailesi ija.

"Amayi! Bwerani muone anzanga!"

Makolo onse anatembenuka. Amayi sanasunthe. Zaka zitatu anabisa mwana wawo kwa maso ngati amenewa, ndipo lero maso onsewo anali pa iwo.

Ahedi anatsika pakhonde pang'onopang'ono, dzanja lili m'thumba muja munali pepala. Asanafike pageti, Mafunso anawadutsa akuthamanga, n'kukaima pamaso pa amayi aja, mutu uli chagada.

"Inu ndi amayi ake a Kamzime? Mawa mubwera naye nthawi yanji?"